Lufita ndidamsowa pa mapu a atsamunda

Ndidafika pa Lufita mwezi wa Julaye, nyengo imene mphepo ya ku Chitipa imakulowa m'jekete ngati uli nayo ngongole. Ulendo udali wachibale. Mnzanga amene tidatengera limodzi dipuloma akuphunzitsa pa sukulu ina kumeneko, ndipo adandiitana kuti ndikaone mwana wake wachisamba. M'chikwama mudali zovala, kope lolembamo, ndi mapepala asanu a fotokope: mapu akale a dziko lino amene ndakhala ndikutola pang'onopang'ono, ena m'mabuku a azungu oyamba, ena pa intaneti. Anzanga amadzaza nyimbo m'mafoni, ine ndimatola mapu. Aliyense ndi misala yake.

Tsiku la msika tidathawira mphepo m'katiyirumu kena, ndipo poti mnzangayo amaphunzitsa jogalafe, ndidayala mapepala aja pa tebulo. Bambo ena achikulire amene adabwera ndi nyemba pa njinga adasendeza benchi. Tidapatsana "mwaghona", kenaka iwo adatembenukira ku Chichewa chimene adati adachitola ku maesiteti a fodya ku Kasungu.

"Nanga ifeyo tili pati apa, aphunzitsi?"

Tidayamba kusaka ndi chala. Karonga adalipo. Songwe adalipo. Fort Hill, Fife, Abercorn, onse adandanda pa mzere umodzi wakuda wochokera ku nyanja yathu kukafika ku Tanganyika. Lufita ayi. Tidatembenuza mapepala onse asanu, osampeza.

"Ndiye kuti azunguwo adadutsa usiku," adatero bambo aja, n'kupitiriza kuviika sikono mu tiyi.

Ndikudziwa kuti ena mufunsa kuti mapu akudzatani pa tsamba la zolembalemba, pakati pa ndakatulo ndi nthano. Taimani kaye. Mapu ali ndi mlembi. Mlembiyo ali ndi amene adamtuma, ali ndi amene akufuna kuti awerenge, ndipo amasankha chonena mokweza, chonong'ona ndi chomeza. Ndakatulo timaifunsa kuti akuyankhula ndani, nanga akuyankhula ndi yani. Tsono mapu tiwasiyirenji? Ndichitenso chilungamo ndisanapite patali: pepala limodzi lonyamula dziko lonse silingalembe mudzi uliwonse, ndipo msika wa Lufita monga tikuuonera lero sudali chonchi zaka 130 zapitazo. Dzina losowalo ndingathe kulikhululukira. Mlandu wanga uli pa mzere wakuda uja umene udalipo.

Mzerewo ndiwo Stevenson Road. James Stevenson adali mwini mafakitale a makemikolo ku Glasgow, ndipo adapereka mapaundi 4,000 kuti pakhale msewu wolumikiza Karonga ndi kumwera kwa nyanja ya Tanganyika, mtunda wa mamailosi oposa 200. Maganizo adali oti katundu ndi amishoni azikwera Zambezi ndi Shire, awoloke nyanja yathu pa sitima, kenaka adutse pamtunda pano kukalowa m'nyanja inayo. Ntchito idayamba mu 1881 m'manja mwa injiniya James Stewart, wachibale wa Dr James Stewart wa ku Lovedale uja. Injiniyayo adamwalira ndi malungo mu 1883. Amene adalowa m'malo mwake, William McEwan, adamtsatira kumanda mu 1885. Chimene awiriwa adasiya ndi chigawo chokwera mapiri kuchokera ku Karonga, chosafika ndi theka lomwe la ulendo wonse. Kotsalako idali njira ya mapazi, yomweyo imene anthu a kuno ankadutsamo kale ndi mchere, makasu ndi minyanga.

Koma pa mapu a ku London ndi ku Edinburgh msewu udatha. Inki siidwala malungo. Wojambula adangokoka mzere kuchokera nyanja iyi mpaka inayo n'kulembapo dzina la wopereka ndalama, basi. Sitima ya amishoni yotchedwa Good News idadutsadi kuno m'zaka za 1883 ndi 1884 popita ku Tanganyika, koma idadutsa ili zidutswazidutswa pa mitu ya amtengatenga. Mwa onse amene adasenza zitsulo zimenezo kukwera nazo zitunda zochokera ku Karonga, palibe ndi mmodzi yemwe amene dzina lake mungalipeze pa phiri, pa dambo kapena pa kamtsinje m'mapepala anga asanu aja.

Mlembi wa nthano akanama timamuwombera m'manja, poti tidagwirizana kuyambira pa "padangotero" kuti atinamiza. Bodza la mapu n'loopsa chifukwa limabwera litavala yunifolomu: manambala m'mbali, sikelo pansi, muvi woloza kumpoto. Ndipo bodza ili lidagwira ntchito. Mu 1890, Angelezi ndi Ajeremani atakhala pansi kuti agawane dera lino, Lord Salisbury ndi anthu ake adaumirira kuti Stevenson Road ndi thukuta la anthu a ku Britain, choncho iyenera kugwera mbali yawo. Malire adakokedwa kumpoto kwa msewuwo. Ndiye kuti bambo a nyemba aja lero ali ndi chiphaso cha Malawi, osati cha Tanzania, mwa zina kaamba ka msewu umene mbali yake yaikulu idali pa pepala pokha. Ndi ndakatulo iti mwa zathuzi imene idasunthapo munthu kuchoka dziko lina kupita lina iye ali khale pakhonde pake?

Panganolo lidasainidwa ku Berlin pa 1 Julaye 1890. Ambiri timalidziwa ndi dzina loti Heligoland, kachilumba ka kumpoto kwa Germany kamene Angelezi adapereka kwa Ajeremani pa kusinthanitsako. N'kakang'ono kuposa Chizumulu. Werengani ndime ya malire athu, mudzamva ngati nyimbo ya munthu amene sadapondeko kumene akuimbako. Akuti mzere utsate gombe la kuvuma, la kumpoto ndi la kuzambwe kwa nyanja mpaka pamene Songwe athirira. Ukwere Songwe mpaka pamene mtsinjewo ukumana ndi digiri 33 ya kuvuma. Kenaka ukafunefune malire a chigwa cha Congo monga adajambulidwira pa mapu a msonkhano wa ku Berlin wa 1884 ndi 1885. Panganolo likuvomera poyera kuti latsamira pa mapu ena a dera la pakati pa Nyasa ndi Tanganyika, amene adakonzedwera boma la Britain mu 1889. Mapu kubereka pangano, pangano kubereka mapu ena. Digiri 33 imeneyi imadutsa cha kuzambwe kwa boma la Chitipa, ndipo ndidamufunsa mnzanga wa jogalafe ngati pali mwana m'kalasi mwake amene adaionapo ikudutsa m'munda mwa amake. Chaka chomwecho Salisbury, ponena za pangano lina limene adachita ndi Afalansa, adavomera yekha mwanthabwala pa phwando ku London kuti akhala akupatsana mapiri, mitsinje ndi nyanja asakudziwa n'komwe kumene zinthuzo zili.

Mu 1898 ndi pamene kudabwera anthu odzaona ngati za ku Berlin zikugwirizana ndi nthaka. Angelezi adatsogozedwa ndi Captain Charles Close, amene pambuyo pake adadzakhala mkulu wa Ordnance Survey, ofesi ya mapu ya kwawoko. Ajeremani adatumiza Hauptmann Herrmann ndi katswiri wa nyenyezi Ernst Kohlschütter. Adayeza, adaimika zizindikiro, ndipo mu 1901 maboma awiriwo adavomerezana. Ntchito yawo ndi yaukhondo, sindingatsutse. Kungoti mafunso awo ankafunsa nyenyezi ndi mitsinje. Mwabulambya, Mwenemisuku ndi Kameme sadasaine nawo kanthu.

Zotsatira zake mudzaziona pa msika wa Lufita. Mlambya wa kuno ali ndi abale ku Ileje, tsidya la Songwe. Andali ali mbali zonse ziwiri za mtsinjewo. Anyiha afika mpaka ku Mbozi, Anamwanga ali ku Nakonde ndi ku Tunduma. Mbali ya Zambia ndiye n'koseketsa koposa, poti uko kudalibe ndi Mjeremani yemwe. Angelezi okhaokha adagawana pakati pa boma lawo ndi kampani ya Cecil Rhodes mu 1891, n'kunena kuti malire akhale pamene madzi a mvula asiyanirana, awa kulowera ku Luangwa, awa kubwera ku nyanja yathu. Mlimi wa pa chitunda chotero akafuna kudziwa dziko lake adikire mvula. Buku la Harry Johnston la 1897, British Central Africa, lili ndi mapu asanu ndi amodzi, ndipo amodzi mwa iwo akuonetsa kumene mitundu ya anthu ikhala, mtundu uliwonse pamalo pake ngati katundu wa m'sitolo ya mmwenye. Bwerani nawo mapu amenewo ku boma limene lili ndi ziyankhulo zoposa khumi, kumene mayi amakalipira mwana m'Chindali, kutsatsa tomato m'Chitumbuka ndi kunenerera chitenje m'Chiswahili dzuwa lisanafike paliwombo.

Nkhani ya maina nayo ili ndi nthabwala yake. Ambiri a ife tidakula tikuganiza kuti Fort Hill, dzina lakale la boma la Chitipa, likunena za linga la pa phiri. Ayi ndithu, Hill ndi munthu: Sir Clement Hill, mkulu wina woona za Africa ku Foreign Office ku London. Chimodzimodzi Fort Anderson ku Mulanje, dzina la Sir Percy Anderson, mmodzi mwa amene adasaina pangano la 1890 lija. Akuluakulu a boma la atsamunda ankathokoza mabwana awo ndi malo a eni. Alakatuli mchitidwe umenewu tikuudziwa bwino, tisanamizane: ndi ndakatulo yotamanda amene wakugulira nsima. Titalandira ufulu tidachapa ambiri. Port Herald adasanduka Nsanje, Fort Johnston Mangochi, Fort Manning Mchinji, Deep Bay Chilumba, Florence Bay Chitimba. Cape Maclear adakana kuchoka chifukwa alendo amalipira akamva dzinalo, ngakhale eni mudzi amati kwawo ndi ku Chembe. Thomas Maclear mwini wake adali katswiri wa nyenyezi ku Cape Town, amene ankakonza masamu a miyeso ya David Livingstone.

Wina asaganize kuti ndabwera kudzatukwana chabe. Mwa mapepala anga asanu, limene ndimalikonda ndi la nyanja, ndipo ndi loona mtima kuposa la msewu. Chifukwa chake n'chapafupi. Wojambula msewu akanama, wovutika ndi mtengatenga, amene sawerenga mapu ndipo alibe kokadandaula. Wojambula nyanja akanama, sitima igunda mwala, ndipo womira ndi mzungu mnzake. Livingstone adafika pa nyanja mu Sepitembala 1859, ndipo mu 1861 adakwera pa bwato kulowera kumpoto koma adabwerera asanaone kumene madzi athera, kotero kuti mutu wa nyanja pa mapu a m'buku lake la 1865 ndi wongoganizira. Mu 1875 E. D. Young ndi Robert Laws adaizungulira pa Ilala yoyamba n'kupeza kuti ndi yaitali kuposa mmene ankayesera. Kenaka kudabwera E. L. Rhoades, kapitawo wa sitima ya Guendolen, yemwe uja adakawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ku Liuli mu Ogasiti 1914. Kafukufuku wake wa nyanja adatuluka mu 1902. Kuyeza kuya kwa madzi masiku amenewo kudali kuponya chingwe chokhala ndi mtovu kunsonga, kuchikoka, kulemba, kusuntha, kuponyanso, m'nyanja imene pena imazama kupitirira mamita 700. Timanambala tating'ono tomwazikana pa pepalalo timandigwira mtima kuposa mavesi ambiri amene ndawerenga chaka chino, chifukwa kanambala kalikonse ndi mikono ya munthu. Mikono ya yani, pepala silinena.

Komabe ngakhale mapu abwinowa ali ndi owerenga ake, ndipo msodzi sali m'gulumo. Akufunsa funso limodzi: sitima ya chitsulo ingaime pati? Msodzi wa ku Chilumba kapena ku Usisya ali ndi mapu ena m'mutu. Amadziwa virundu, miyala ya pansi pa madzi pamene utaka umasonkhana, ndipo amaipeza poyang'anitsa phiri ili ndi mtengo uwo pa gombe mpaka ziwirizo zitalunjikana. Amadziwa pothawira mwera ukadzuka. Umenewo ndi uinjiniya wonse, wongosowa inki.

Ndipo si kuti azungu sankafunsa. Ankafunsa kwambiri, kungoti wofunsidwa sankalembedwa. Zaka zoposa 100 Livingstone asanafike, katswiri wa mapu wa ku France, d'Anville, adali ataika kale nyanja yaitali yokhala ndi dzina la Maravi pa mapu ake a Africa a 1749, kuchokera ku zimene Apwitikizi a ku Zambezi adamva kwa anthu. Cha m'ma 1855 amishoni awiri a ku Mombasa, Jakob Erhardt ndi Johannes Rebmann, adamvera nkhani za amalonda a m'makaravani n'kujambula chinyanja chimodzi chachikulu pakati pa Africa, atasakaniza yathuyi, Tanganyika ndi Victoria. Chidaoneka ngati nkhono yopanda chigoba, ndipo mpaka lero mapuwo amatchedwa ndi dzina la nkhonoyo. Rebmann yemweyo adakumana ndi kapolo wina dzina lake Salimini, wochokera kuzambwe kwa nyanja yathu, m'chigawo chapakati, ndipo kuchokera pakamwa pa Salimini adalemba dikishonale yoyamba ya chiyankhulo chino, imene idasindikizidwa mu 1877. Salimini adachita mwayi, dzina lake lidatsala. Anzake mazanamazana amene adaloza ndi chala kuti mtsinje uwu ukathira uko, phiri ilo kuseri kwake kuli mudzi wa uje, adamezedwa ndi mawu oti "zidapezedwa ndi". Dzina loti Lake Nyasa palokha ndi umboni wa kufunsa kosamvetsera: mzungu adafunsa dzina, adamuyankha m'Chiyao kuti ndi nyanja, iye n'kulemba kuti Nyanja Nyanja.

Madzi okha ndiwo sadawerengepo pangano la munthu. Mu 1889 Daniel Rankin adalengeza kuti pa Chinde pali khomo la Zambezi lolowa sitima zochokera ku nyanja ya mchere, ndipo pangano la Angelezi ndi Apwitikizi la 1891 lidapatsa Angelezi kamalo ka doko kumeneko. Kwa zaka pafupifupi 30 limenelo ndilo lidali khomo la Nyasaland. Madzi adayamba kudya kamaloko chaka ndi chaka, namondwe wa 1922 adadzamaliza, njanji ya ku Beira n'kutenga malonda. Kuno kumpoto Songwe akuchita zomwezo. Kumunsi kwake, m'chigwa cha Karonga ndi Kyela, mtsinjewu umasintha njira madzi akasefukira, ndipo munda umene udali ku Malawi umadzuka uli tsidya la Tanzania. Maboma awiriwa adachita kukhazikitsa bungwe loyang'anira chigwa cha Songwe, mwa zina kuti aone mmene angaukhazikire pansi mtsinje wosamva malamulowu.

Tsopano ndifike pamene khoswe wakhala pa mkhate. Ndamva ndakatulo zambiri, pa wailesi ndi m'maholo, zotemberera Berlin ndi malire a atsamunda. Ndidalembapo yanga, ndipo adandiwombera m'manja. Koma mu 1964 ku Cairo atsogoleri a Africa adagwirizana kuti malire amene tidawapeza pa ufulu akhale momwemo. Mu 1967 Tanzania idanena kuti malire a pa nyanja ayenera kudutsa pakati pa madzi. Nkhaniyo idagona, n'kudzadzukanso mu 2012, boma lathu litapereka chilolezo chofufuza mafuta pa nyanja ku kampani ya Surestream chaka cha 2011. Joaquim Chissano ndi anzake adayesa kuyanjanitsa, mlandu sudathe. Nanga ife pa mlanduwu timanyamula chiyani? Ndime yomwe ija ya 1890, yonena za gombe la kuvuma. Anzathu a ku Tanzania nawo amatulutsa mapu ena a Angelezi omwewo, a zaka za pakati pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu, amene adajambula mzere pakati pa nyanja. Mayiko awiri odzilamulira, aliyense akukupiza pepala la mtsamunda pamaso pa mnzake.

Ine ndine Mmalawi, ndipo nyanja ndikuifuna yonse, sindibisa. Koma chiganizo chimene chikutipatsa nyanja ndi chomwecho chimene chidadula Alambya ndi Andali pa Songwe; pakati pa ziwirizi pali kampumiro chabe. Mlakatuli amene Lolemba akutemberera malire a azungu, Lachiwiri n'kumalakatula Heligoland ngati Salimo, ayenera kutiuza kuti waima pati. Sindikunena kuti asankhe chimodzi, mwina sizisankhika. Ndikunena kuti ndakatulo yeniyeni ili pa kusasankhika pomwepo, ndipo sindidaimvebe. Zimene ndikumva ndi mfuu ziwiri, iliyonse yosadziwa kuti inzake ilipo.

Pali china chimene chidandiwawa kwambiri nditakhala m'katiyirumu kaja. Mapu a atsamunda ankaona dera lino ngati podutsa, mlatho wa pakati pa nyanja ziwiri. Ife a m'tauni tidalandira diso lomwelo n'kulichepetsanso. Mvetserani andale pa msonkhano, olengeza pa wailesi, ngakhale alakatuli: "kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa". Chitipa ndi mpumiro wa chiganizo, pamene mpweya uthera. Fufuzani m'ndakatulo zathu za Chichewa kuti ndi zingati zimene Chitipa ali pakati pa nkhani, zokhala ndi khofi wa ku Misuku, mapiri a Mafinga, mawere, kapena mayi wa tomato uja. Ine ndidafufuza m'zanga ndipo ndidampeza kawiri, konse kuwiri ali kumapeto kwa mzere, atagwirana dzanja ndi Nsanje. Chonsecho ukaima pa Lufita, Mbeya ili pafupi kuposa Mzuzu, katundu wa m'mashopu ngochokera ku Tunduma ndi ku Nakonde, ndipo kumene kuli kumathero kwa dziko ndi ku Blantyre. Msewu wa Karonga ndi Chitipa, mdzukulu wa Stevenson Road, wa makilomita pafupifupi 100, udadikira phula mpaka zaka zoyambirira za m'ma 2010, pamene udamangidwa ndi thandizo la China. Pa mapu athu a kusukulu nawonso udali mzere wooneka bwino zaka zonsezo, anthu akugona panjira m'malole nthawi ya dzinja.

Ndipo ndikulemba izi m'Chichewa, ndikudziwa. Mu 1968 msonkhano wa chipani cha Malawi Congress udagamula kuti Chichewa ndicho chiyankhulo cha fuko, Chitumbuka n'kuchotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu. Amenewonso adali mapu: dziko lonse kulipaka utoto umodzi, monga Angelezi ankapakira kufiira maiko awo, monga Apwitikizi adapakira pinki kuchokera ku Angola mpaka ku Mozambique m'ma 1880, ife tili mkati osadziwa. Mwana wa Chilambya ankalowa Sitandade 1 n'kupeza kuti chiyankhulo cha amake chilibe malo pa bolodi. Chichewa ndimachikonda, ndicho khasu langa. Koma amene tili nacho tisamadzione ngati ndife a Salimini nthawi zonse. Ku Chitipa nthawi zina ndife a Johnston.

Tiyi atatha, bambo a nyemba aja adakankhira mapepala anga pambali mwaulemu, n'kuviika chala m'madzi amene adatayikira pa tebulo. Adati andionetse njira imene ankayenda ali mnyamata popita kwa akuchimuna a mayi awo, tsidya la Songwe. Adajambula Kaseye, adajambula Songwe. Pakati pa iwiriyi adaika timitsinje, dambo lina limene ng'ombe zimatitimira mwezi wa Febuluwale, mtengo umene ankapumirapo, mudzi umene sumadutsa osalonjera, ndi powolokera pawiri, pena pa chilimwe pena pa dzinja. Dzina lililonse lidali ndi nkhani yake, ndipo pa lina adaseka okha osatiuza chifukwa. Malire sadawajambule. Nditafunsa, adaloza mtsinje uja n'kunena kuti, "Si awa, mwana wanga? Timasambamo."

Ndidatulutsa kope msangamsanga n'kuyamba kulemba mainawo madzi asanaume. Madzulo kunyumba ndidamuonetsa mnzanga, ndili wonyadira kuti ndapulumutsa kanthu. Adawerenga, adayamba kugwedezeka mapewa, kenaka adaitana mkazi wake kuti adzaone. Paliponse pamene bambo aja adatchula "gh" wa kukhosi ine ndidalemba "g" wa kwathu. Dzina lina ndidalidula pawiri, lina ndidaliwonjezera "chi" kutsogolo kuti limveke bwino m'khutu langa.

"Aise," adatero, "Kota Kota ndi Cholo zidayamba chonchi."

Adandilanda cholembera n'kuyamba kukonza, mkazi wake akumuuza pamene nayenso walakwitsa, poti mnzangayo ndi wa ku Ntcheu.